Nyumba zakale za ku Nkhotakota ndi Salima: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri amene amafika kuno ku Nkhotakota kudzaona mkuyu wa Livingstone amabwera ndi funso limodzi, loti akapolo ankawakwezera pati m'zombo. Koma akayenda pang'ono m'tauni, kulowa m'tchalitchi, kudutsa pa mzikiti, mafunso amasintha n'kuyamba kukhudza nyumba zenizenizo. Ndasonkhanitsa amene ndimamva kawirikawiri, kuchokera kwa ana asukulu, aphunzitsi awo, ndiponso abale amene akufuna kumanga kunyanja kuno.

Kodi ku Nkhotakota kuli nyumba zoti munthu n'kukwerera basi kudzaziona?

Zilipo, bola musabwere mukuyembekezera nyumba zosanja. Za kuno n'zapansipansi. Pali tchalitchi cha All Saints cha mpingo wa Angilikani, chipatala cha St Anne's chomwe chili pa mishoni pomwepo, mzikiti wakale wa mbiri ya a Jumbe (mafumu a Chiswahili amene ankalamulira kuno), nyumba zina za paboma za nthawi ya atsamunda, ndi mikuyu iwiri yotchuka. Chokoma chake n'chakuti pa kamtunda koyenda wapansi mumaona mamangidwe a Achewa, a Aswahili, ndi a Azungu atagundana mapewa. Ndi matauni ochepa m'Malawi muno amene angakuonetseni zimenezi tsiku limodzi.

Dzina loti Linga, la dera lakale la tauni ya Nkhotakota, linachokera pati?

Linga ndi mpanda wolimba wa mitengo wotchinjiriza mudzi pa nkhondo. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, atafika kuno m'zaka za m'ma 1840 kuchokera kugombe la nyanja yamchere, anapempha malo kwa mfumu Malenga n'kukhazikika. Inali nthawi yomwe Angoni ankathira nkhondo midzi ya kumtunda, ndipo Jumbe anali ndi mfuti. Anthu anathamangira kudzakhala pafupi naye, mudzi unakula, dzina la mpandalo n'kutsala pa malopo mpaka lero. N'chifukwa chake m'madera akale a tauni ino nyumba n'zothithikana, tinjira n'tokhotakhota. Sanachite kujambula pa pepala ngati Area 47 ya ku Lilongwe. Aliyense ankangofuna kukhala m'kati.

Makolo athu ankamanga nyumba zotani Aswahili ndi Azungu asanabwere?

Yozungulira. Munthu ankakhoma chikhomo pakati, kumangirira luzi, n'kuzungulira nalo kujambula pansi. M'mzere umenewo ankazika mitengo, kuiluka ndi mbalo, kenaka kumata ndi dothi mkati ndi kunja. Tsindwi nthawi zambiri ankalimangira pansi, phaso lililonse kulimanga ndi luzi, akamaliza n'kuitana amuna a m'mudzi kudzalinyamula kuliika pamwamba pa chipupa. Mwambi uja woti mutu umodzi susenza denga sunali wongopeka, anthu ankanena zimene ankachita. Kufolera inali ntchito ya abambo, kumweta udzu ndi kuzira pansi ya amayi.

Musaipeputse nyumba imeneyi. Mwera ukamakuntha miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo imangoizungulira chifukwa ilibe ngodya yoti igwirepo. Tsindwi limatsika kupitirira chipupa, nsanamira n'kulichirikiza, mvula osafika pa dothi. Udzu sutentha ngati malata. Vuto lake linali moto, chiswe, ndi kufolera pafupipafupi.

Komanso banja silinkakhala m'nyumba imodzi yodulidwa zipinda. Anyamata osakwatira anali ndi mphala kapena gowelo lawo, agogo aakazi anali ndi kuka, chimanga chili m'nkhokwe, milandu pabwalo. Zimene lero timazitcha zipinda, kale zinali nyumba zosiyanasiyana pa khomo limodzi.

Nanga nyumba ya makona anayi anabwera nayo ndani?

Anthu amafulumira kunena kuti Azungu, koma kunyanja kuno Aswahili ndi Ayao amalonda anawatsogolera. Nyumba ya Chiswahili ndi ya makona anayi, denga lake lotsetsereka mbali zonse zinayi. Kutsogolo kuli khonde lokhala ndi chiunda chokhalapo, chimene iwo amati baraza, pomwe mwini nyumba amalandirira alendo aamuna. Mukalowa pakhomo pali kanjira kapakati, zipinda uku ndi uku, kotulukira kuseri komwe kuli mpanda, khitchini ndi bafa, malo a amayi. Mlendo amathera pakhonde, za m'nyumba osaziona.

Yendani m'Linga madzulo muone abambo atakhala pakhonde ndi bawo. Kakhalidwe kameneko ndi kamangidwe kameneko zinabwera limodzi, pamodzinso ndi ulimi wa mpunga ndi mitengo ya kokonati. Amishoni atafika analimbikitsanso nyumba ya makona, iwo pofuna mazenera ndi zipinda zosiyana za makolo ndi ana, ndipo yozungulira inayamba kuoneka ngati ya munthu wotsalira. Lero mumaipeza kwambiri m'malo ogona alendo, komwe Mzungu amalipira ndalama zambiri kuti agone m'nyumba yomwe ife tinaithawa.

Ngati a Jumbe anali olemera chotero, bwanji sanasiye nyumba zamiyala ngati za ku Zanzibar?

Nyumba za ku Zanzibar ndi ku Kilwa anazimanga ndi miyala ya korali ya m'nyanja yamchere. Mwala womwewo akauwotcha umapereka laimu womangira ndi wopaka. Nyanja yathu ilibe mwala umenewu. Choncho Mswahili wa kuno anamanga pulani ya kwawo koma ndi zipangizo za kuno: mitengo, dothi, udzu ndi mlaza. Zinthu zotere sizipirira zaka zana m'dera la mvula yambiri ngati lino.

Chinanso, chuma cha a Jumbe chinali choyenda. Chinali m'minyanga ya njovu, m'mfuti, m'nsalu, m'zombo za matanga zimene ankakhoma pagombe pompano, ndiponso, tisabise, mwa anthu amene ankawaolotsa nyanja kuti akayende ulendo wa miyezi kupita ku msika wa ku Kilwa. Ufumu wawo unatha msanga. Jumbe wachitatu anasainirana pangano ndi Harry Johnston, woimira boma la Britain, mu 1889, ndipo pofika chapakati pa zaka za m'ma 1890 Jumbe wotsiriza anali atachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar. Chimene chinakhalitsa ndi Chisilamu, ndipo nyumba imene anthu anapitiriza kuisamala ndi mzikiti.

N'chifukwa chiyani mizikiti yonse imaoneka kuti yaloza mbali imodzi?

Asilamu popemphera amayang'ana ku Makka. Kuchokera ku Nkhotakota kapena ku Salima, Makka ili kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa. Mmisiri asanakumbe maziko amayamba wapeza kaye mbali imeneyi, ndiye mzikiti ukhoza kukhala mopingasa ndi msewu kapena ndi nyumba zoyandikana nawo, osalakwitsa ayi. Mukazungulira kuseri mudzaona kakhoma kotulukira kunja pakati pa chipupa cha kumpoto. Mkati mwake ndi mihrab, pomwe amaima wotsogolera mapemphero.

Mzikiti umakonda kutambalala m'mbali kusiyana ndi kutalika, popeza anthu amaima m'mizere phewa ndi phewa. Mulibe mabenchi, mulibe zithunzi za anthu kapena nyama, ndipo panja pamakhala malo a madzi osambira m'manja, kumaso ndi kumapazi. Mizikiti yakale ya kunyanja inali yosadzionetsera, yofanana ndi nyumba yaikulu ya Chiswahili. Nsanja zazitali ndi madenga obulungira mukuona m'mbali mwa msewu wa M5 masiku ano n'zobwera posachedwapa, zotengera mamangidwe a maiko a Aluya.

Tchalitchi cha All Saints chinayamba liti, ndipo manda ali mkatimo ndi a yani?

Amishoni a UMCA (Universities' Mission to Central Africa), bungwe la Angilikani lomwe linabadwa chifukwa cha mawu amene David Livingstone analankhula ku Cambridge mu 1857, anatsegula mishoni kuno mu 1894. Wansembe woyamba kukhala pano anali Arthur Fraser Sim, amene sanakhalitse, anamwalira chaka chotsatira.

Manda otchukawo ndi a Bishopu Chauncy Maples. Iye anadzozedwa ubishopu ku St Paul's Cathedral mu London mu Juni 1895, ndipo ali pa ulendo wobwerera ku Likoma, boti lake linagubuduzika ndi namondwe pa 2 Seputembala chaka chomwecho, kufupi ndi gombe la Salima. Anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Thupi la bishopuyo analiika kuno ku Nkhotakota, ndipo lero manda ake ali m'tchalitchimo. Kuika mtsogoleri m'kati mwa nyumba yopemphereramo ndi mwambo wakale wa ku Ulaya, wachilendo ndithu kwa Mchewa amene manda ake amakhala ku nkhalango, kutali ndi mudzi. Sitima ya Chauncy Maples, yopangidwa ku Glasgow n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1901, anaitcha dzina lake. All Saints tsopano ndi kathedulo ya dayosizi ya Lake Malawi.

Mazenera ndi makomo opindika ngati uta m'matchalitchi akale, ndi zokongoletsa chabe?

Ayi, ndi nzeru ya mmisiri amene alibe simenti ndi zitsulo. Njerwa imapirira kupsinjidwa, koma singagone yokha mopingasa pamwamba pa khomo. Lero timathira konkire ya zitsulo pamenepo n'kuiwala. Kale ankakhoma thabwa lopindika, kuyala njerwa mozungulira pamwamba pake, kutsekera ya pakati, n'kuchotsa thabwalo. Njerwa iliyonse imakankha inzake, kulemera konse n'kutsikira m'mbali. Chifukwa choti uta umakankhira makoma kunja, ankamanga zipilala zonenepa zochirikiza khoma chakunja. Zija mumaziona zitatsamira tchalitchi ngati munthu wokankha galimoto, ntchito yake ndi imeneyo.

Pali uta wobulungira ndi uta wosongoka pamwamba. Wobulungira ndi wakale kwambiri, wa Aroma, ndipo matchalitchi omangidwa motero amati ndi a Romanesque: makoma onenepa, mazenera aang'ono. Wosongoka ndi wa Gothic, mamangidwe amene anayambira ku France cha m'ma 1140 pa tchalitchi cha Saint-Denis kufupi ndi Paris. Uta wosongoka umatsitsa kulemera molunjika pansi, ndiye khoma likhoza kutalika ndi kukhala ndi mazenera aakulu. M'zaka za m'ma 1800 Angerezi anaukonda mwatsopano mtundu umenewu, n'kumati ndiwo woyenera nyumba ya Mulungu. Amishoni anabwera kuno maso awo atazolowera zimenezo, ndipo anaphunzitsa amisiri akuda kuzimanga ndi njerwa zoumba pachulu.

Anthu amati kathedulo ya ku Likoma ndi yaikulu ngati ya ku England. N'zoona? Ikukhudzana bwanji ndi Nkhotakota?

St Peter's ya ku Likoma amaiyerekeza kawirikawiri ndi kathedulo ya ku Winchester, ndipo aliyense amene wafikako ndi Ilala amadabwa kupeza chinyumba chotere pa kachilumba kakang'ono. Anaiyamba mu 1903, n'kuipatula mu 1911. Anaijambula ndi Frank George, mmisiri wa UMCA, koma anaimanga ndi anthu a pachilumbapo, amayi akusenza miyala ndi njerwa pamutu. Pulani yake ndi ya mtanda. Malo amene yaima amatchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti.

Kusankha malo otero chinali chizolowezi cha UMCA. Ku Zanzibar, Bishopu Edward Steere anamanga Christ Church kuyambira mu 1873 pamalo pomwe panali msika wa akapolo. Kuno nakonso anadzaika mishoni m'tauni ya malonda a akapolo, pafupi ndi mkuyu wa Livingstone. Ndiye Nkhotakota, Likoma ndi Zanzibar ndi ana a mimba imodzi, ndipo njira imene inanyamula akapolo kupita kum'mawa ndi yomweyo imene inabweretsa mzikiti ndi tchalitchi.

Kodi munthu angasiyanitse tchalitchi chakale cha Angilikani, cha CCAP ndi cha Katolika pongochiyang'ana?

Mukalowa mkati, inde. Yang'anani chimene chili pakati kutsogolo. Kwa Angilikani a UMCA ndi kwa Akatolika ndi guwa la nsembe, lokwezedwa pa masitepe, nyumba yonse yautali kuti maso athere pamenepo. Mwambo wakale unali woti guwa likhale kum'mawa. Kwa a CCAP chachikulu ndi gome lolalikirira, chifukwa mtima wa mapemphero ndi ulaliki, ndipo makoma amakhala opanda zambiri. Pitani ku Mvera, pa msewu wa Salima kupita ku Lilongwe, komwe amishoni a Dutch Reformed anayambira mu 1889, kapena ku Nkhoma, mukaone kusadzikometsera kwake.

Pali chimodzi chosokoneza lamuloli: St Michael and All Angels ya ku Blantyre, ya Apresibeteriyani koma yodzaza ndi nsanja, madenga obulungira ndi zokongoletsa. Anaimanga pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za zomangamanga ndipo analibe pulani yathunthu pa pepala. Anaumba njerwa za mitundu 81 m'zikombole zamatabwa.

Za Akatolika, tsikani kum'mwera kwa Salima mukafike ku Mua, m'boma la Dedza, komwe a White Fathers anakhazikika mu 1902. Kumeneko, kuyambira pamene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976, makoma ndi ziboliboli zinayamba kulankhula Chichewa, Chingoni ndi Chiyao. Kwa ine ndi malo amene mamangidwe a mpingo anasiya kukhala mlendo.

Bwanji nyumba za atsamunda zili ndi khonde lozungulira, makoma onenepa ndi denga lalitali?

Funso ili ndi limene ndimafuna aliyense womanga kunyanja alimvetse. Azunguwo ankaopa kutentha, malungo ndi chiswe, ndipo analibe magetsi. Nyumba yokha ndiyo inayenera kuchita ntchito ya fani. Mamangidwe ake anawatenga ku India, ngakhale dzina la nyumba zotere loti bungalow limachokera ku Bengal. Mandala House ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndi chitsanzo chakale chomwe chidakaima.

Khonde limaletsa dzuwa kugunda khoma ndi mvula kunyowetsa njerwa. Khoma lonenepa limachedwa kutentha, moti masana a Okutobala mkati mumakhalabe mozizira. Denga lalitali limapatsa mpweya wotentha kokwera, ndipo timabowo ta pamwamba pa mazenera timautulutsa. Makomo ndi mazenera ankawaika moyang'anizana kuti kamphepo ka kunyanja kadutse. Nyumba yonse ankaikweza pa chiunda, masitepe atatu kapena anayi, kuti madzi asalowe komanso kuti njira za chiswe zioneke zisanafike ku matabwa. Kupaka laimu woyera kunali kubweza dzuwa.

Mukayerekeza ndi zimene tanena za nyumba ya makolo ndi ya Chiswahili, muona kuti onse atatu anafika pa yankho limodzi: mthunzi pa khoma, denga losatentha, mpweya woyenda. Ife a lero ndi amene tasiyana nawo. Timamanga khoma lopyapyala, malata pafupi ndi mutu, opanda siling'i, denga lodulidwa pakhoma penipeni chifukwa akuti ndiye fasho, mazenera aakulu agalasi oloza kumadzulo. Kenaka mu Novembala banja lonse likugona panja pa mkeka, nyumba ya mamiliyoni ili pululu.

Nanga ku Salima, mbiri ya nyumba zake ndi yotani?

Salima ndi mwana wa njanji. Njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Chipoka inafika mu 1935, ndipo kwa zaka zoposa makumi anayi inkathera pomwepo. Katundu wa chigawo chapakati, fodya, thonje ndi mtedza, ankatsika ndi malole kudzakwera sitima. Ya ku Lilongwe inadzatsegulidwa mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada. Ndiye nyumba zakale za ku Salima n'za ntchito: siteshoni, mashedi a katundu, nyumba za ogwira ntchito ku njanji zomangidwa mofanana m'mizere, zazikulu za mabwana, zazing'ono za antchito wamba. Kukula kwa nyumba kunkanena udindo wa munthu, ndipo nthawi imeneyo kunkanenanso khungu lake.

Mtundu wina ndi sitolo ya Mmwenye. Kutsogolo khonde la zipilala, pomwe telala ankakhala ndi makina ake, khoma la kumaso lokwera kubisa malata, dzina kapena chaka cholembedwa ndi simenti, banja likukhala kuseri kwa sitolo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula Amwenye kuchoka m'matauni ang'onoang'ono kupita m'mizinda, koma masitolowo anatsala, ndipo Amalawi omanga magolosale akutengerabe maonekedwe omwewo.

Ku Senga Bay kuli hotela imene lero ndi Sunbird Livingstonia Beach. Kale inkatchedwa Grand Beach Hotel, ya m'zaka za m'ma 1930, nthawi yomwe njanji inayamba kubweretsa Azungu odzapuma kunyanja.

Mikuyu iwiri ija ikulowa bwanji m'nkhani ya zomangamanga?

Kwa makolo athu nyumba ya msonkhano inali mthunzi. Livingstone anafika kuno mu 1861 n'kubweranso mu 1863, ndipo mkuyu umene uli pa mishoni ndi umene anthu amaukumbukira kuti anakumanirapo ndi Jumbe ndi mafumu pa nkhani ya ukapolo. Boma linauika m'gulu la zipilala za dziko. Mkuyu wina ndi wa Kamuzu Banda, wokumbutsa msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party umene unachitikira kuno mu 1960. Nkhani ziwiri zikuluzikulu za tauni ino zinachitikira pansi pa mitengo, osati m'holo.

Nthawi ya Kamuzu inasiya mamangidwe otani?

Mitundu iwiri yosiyana. Wina ndi wa konkire wa m'zaka za m'ma 1970, monga maofesi a ku Capital Hill ndi nyumba ya Reserve Bank ku Lilongwe, yotambalala kumwamba n'kuchepa pansi. Wina ndi wa mtima wake weniweni, wokonda za Chingerezi chakale. Mukakwera msewu wochoka kuno kupita ku Kasungu, kudutsa m'nkhalango ya zinyama, mufika ku Mtunthama komwe kuli Kamuzu Academy, yotsegulidwa mu 1981: njerwa zofiira, mauta obulungira, nsanja ya wotchi, dziwe kutsogolo. M'maboma ngati lathu lino, nthawi imeneyo inasiya makamaka mashedi a ADMARC, sukulu, ndi nyumba za aphunzitsi ndi apolisi za pulani imodzi dziko lonse.

Nyumba zakale zapirira bwanji zivomerezi ndi madzi?

Nyanja yathu ili m'chigwa chong'ambika, ndiye nthaka imagwedezeka nthawi ndi nthawi. Achikulire a ku Salima sadzaiwala chivomerezi cha mu Marichi 1989, chomwe chinapha anthu ndi kusiya zikwizikwi opanda pogona. A ku Karonga anaona zawo mu 2009. Nyumba ya mitengo yomata imagwedera n'kuima, ikagwa sipweteka kwambiri. Yoopsa ndi ya njerwa yopyapyala, yomangira dothi, yopanda chomanga makoma pamodzi pamwamba. Ngati mukumanga lero, musaumire pa ring beam, konkire ya zitsulo yomanga makoma pamodzi pamwamba, ndipo mazenera asayandikire ngodya.

Za madzi, onani pamene amishoni ndi aboma anaika nyumba zawo: pokwera, patali ndi mchenga. Nyanja imakwera ndi kutsika pa zaka zambiri. Inakwera kwambiri cha mu 1980, inateronso mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo ambiri a m'mphepete, chaka chomwenso madzi osefukira anasakaza ku Dwangwa. Malo amene agogo anu sanamangepo, funsani chifukwa chake musanagule.

Ndili ndi nyumba yakale ya makolo. Ndingaipake pulasitala wa simenti kuti ilimbe?

Pepani, musafulumire. Nyumba zambiri zakale anamangira dothi kapena laimu, ndipo khoma lotero limapuma: limamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kuchitulutsa m'chilimwe. Simenti imatseka. Madzi okwera kuchokera pansi amasowa potulukira, njerwa zimafewa mkati, pulasitala n'kuyamba kulira ngati ng'oma mukagogoda. Ine zinandionekera pa nyumba ya malemu bambo anga. Mmisiri wina anatiuza kuti tiimate simenti yokhayokha kuti ioneke yamakono, ndipo patangodutsa madzinja atatu khoma la kumpoto linasupuka chikamba chonse, njerwa zitasanduka phala.

Yambani ndi denga, pakuti nyumba yakale imafa kuchokera kumwamba. Tsekani modontha, talikitsani malata kuti madzi agwere kutali, konzani ngalande kuzungulira. Pomata gwiritsani ntchito laimu ndi mchenga. Matabwa a mlombwa kapena mbawa amene ali pa zitseko ndi mafelemu musawataye posinthanitsa ndi zitsulo, simudzawapezanso. Ndipo muzikhalamo kapena muikemo munthu. Paja chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika.

Akuti njerwa zowotcha n'zoletsedwa. Ndiye timange ndi chiyani?

Malamulo a mu 2018 analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, chifukwa mauvuni amaliza mitengo. Amene akukumbukira nkhalango za m'mbali mwa Bua ndi Kaombe zaka makumi atatu zapitazo sangatsutse. M'malo mwake kuli mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi zosakaniza simenti pang'ono, zopsinja ndi makina. Zidina ndi mdindo nazonso si zonyozeka ngati maziko ali okwera ndipo khonde likuteteza khoma, monga tafotokozera pa funso la nyumba za atsamunda. Buloko ya simenti imatentha msanga, ndiye kunyanja kuno imafuna mthunzi kuposa njerwa.

Ndani amayang'anira nyumba zimenezi, ndipo kodi mlendo angalowe n'kujambula?

Zipilala za dziko zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo nthambi ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale ndi zipilala ndiyo imaziyang'anira. Malo a kuno ali m'gulu la njira za akapolo ndi za Livingstone zimene Malawi inapereka ku UNESCO mu 2011 pa mndandanda woyembekezera. Koma tsiku ndi tsiku osamala enieni ndi eni ake, mpingo ndi Asilamu a pamalopo.

Ku All Saints yambani mwaonana ndi a ku ofesi ya mpingo, ndipo Lamulungu m'mawa ndi nthawi ya mapemphero, osati yojambula. Mkuyu uli pafupi ndi chipatala, ndiye kamera isaloze odwala. Ku mzikiti pemphani kwa shehe kapena akuluakulu amene muwapeze, vulani nsapato, amayi afunde kumutu ndi kuvala chitenje, ndipo pewani Lachisanu masana. Mukafuna kuona m'Linga, pitani m'mawa dzuwa lisanakwere, mupeze wa komweko woti akuperekezeni, ndipo musajambule khomo la munthu musanapereke moni.